Chingwe cha Agogo aNgozo ndi Tsiku Lotayirira Ng'ombe

Inu adzukulu anga, ndi inu nonse amene mwaphunzira kutiposa ndipo mwayamba kukhala pa mipando ya m'maofesi, tcherani khutu, pakuti mawa ndinu amene mudzalengeze zinthu pa wailesi, anthu akukumverani khasu lili m'manja. Ndikakumbukira agogo anga aNgozo, obala mayi, ndimamva fungo la chikopa chachiwisi chimene ankachikhomera pansi kuseri kwa khola, litasakanikirana ndi utsi wa ndowe zouma, m'mawa wa chisanu cha ku Mlangeni, nkhungu itatsika mpaka m'mawondo, ng'ombe zikulira ndi kugunda mitengo ya khola chifukwa msipu wa kuphiri unali utatha.

Agogowo sanali mfumu kapena nduna. Anali munthu wanthabwala, wofufuta zikopa, wosadziwa kukana. Koma anali ndi udindo umodzi wolemera. Mudzi wathu unali m'malire, ndipo kutsidya kwa msewu kunali dziko la Mozambiki, kumene kunali anthu oyankhula monga ife, oweta ng'ombe monga ife. Ng'ombe sizidziwa malire. Choncho chaka chilichonse, chimanga chikauma, agogo ankakumana ndi aZuze, mkulu wa kutsidyako, pansi pa msuku wa m'mbali mwa msewu, napangana tsiku lotayirira ng'ombe za mbali zonse ziwiri kuti zikadye mapesi m'minda. Ankamanga zingwe ziwiri za luzi, chilichonse mfundo makumi awiri, aliyense n'kutenga chake, namamasula mfundo imodzi tsiku lililonse. Mfundo yotsiriza ikamasulidwa, agogo ankaomba lipenga la nyanga, aZuze n'kuyankha ndi lawo, makola onse n'kutsekulidwa. Amene sanatute chimanga chake pofika tsikulo analibe mlandu ndi munthu.

Chaka china kunagwa maliro awiri motsatizana, anthu nachedwa kukolola. Agogo anawoloka msewu kukapempha aZuze kuti awonjezere mfundo zisanu ndi ziwiri, ndipo aZuze anavomera, pakuti maliro ndi maliro. Chaka chotsatira kunalibe maliro. Kunali bambo wina amene ngolo yake inathyoka gudumu, ndi winanso amene anabwera ndi chipanda cha mowa ndi mawu okoma. Agogo anawolokanso.

Chaka chachitatu aZuze sanakhale pansi pa msuku paja. Anayankhula ali chiimire.

"ANgozo, chingwe chanu chimaphuka ngati kholowa. Ng'ombe zanga nthiti zikuwerengeka. Anyamata anga akuti chaka chino atsekula tsiku limene afuna, ndipo mukudziwa chimene chimatsatira: zikwanje pa miyendo ya ng'ombe, kenako pa anthu."

"Chaka chino ndi makumi awiri, achimwene, osaposa."

"Munateronso chaka chatha."

"Ndikawolokanso, lipengali mudzalitenge ndinu."

Agogo analengeza zimenezi pabwalo, mawu ali gwa, koma anthu anangomwetulira. Mayi anga aNangozo, mwana wawo weniweni, ndiwo anaseka kwambiri. Bambo anga anali ku migodi ya ku Joni, ntchito yonse ili pa mayi ndi ine, mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri. Chimanga tinali titadula n'kuchiimika m'mikukwe, koma kachewere wa kudimba nayenso anali atakhwima, ndipo mayi anasankha kuyamba kukumba kachewereyo. "Bambo anga ndimawadziwa ine," anatero. "Mtima wawo ndi wa phala. Awonjezera."

Masiku anathamanga ngati akuthawa kanthu. Ndinkapita kukasuzumira chingwe chija pamene chinkapachikidwa, pa phaso la khonde la agogo. Mfundo zisanu. Zitatu. Itatsala imodzi, mayi anapita okha masana, nagwada patali monga mwa ulemu.

"Bambo, sabata imodzi yokha. Chimanga chonse chikadali kumunda."

"Ndinanena pabwalo, mwanawe."

"A ngolo yothyoka munawamvera. A chipanda cha mowa munawamvera. Ine mwana wanu ndiye mundikane?"

Agogo anapukusa mutu, napitiriza kupala chikopa chawo. Mayi ananyamuka osatsanzika.

Dzuwa litapendeka, agogo atapita kukamwetsa ng'ombe, ndinakwera pa mtondo, n'kutsitsa chingwe chija, n'kuyamba kumanga mfundo zanga mofulumira. Ndinali pa yachinayi pamene ndinamva kutsokomola kumbuyo kwanga.

"Mkazi wanga," anatero, pakuti ndimo ankandiitanira mwanthabwala, "manja ako ndi aluso. Nanga chingwe cha aZuze ukachimanga nthawi yanji?"

Ndinalira. Iwo anakhala pa mtondo paja, nandipatsa chingwecho kuti ndimasule ndekha zimene ndinamanga. "Ku mishoni kwanu amati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane," anatero motsitsa. "Langa lidula nkhokwe ya mwana wanga."

M'mawa mwake lipenga linalira, la kutsidya n'kuyankha. Sindidzaiwala mgugu wa ziboda zija potsika phiri ndi powoloka msewu, fumbi lofiira, malikhweru a abusa, ndi kukuwa kwa amayi a mabanja ena amene anazengereza monga ife. Tinathamanga ndi madengu. Ng'ombe zanjala sizimva chikwapu: ukathamangitsa ziwiri uku, zisanu zagwetsa mkukwe uko. Agogo anafika ali wefuwefu, lipenga likadali pakhosi, nayamba kusenza chimanga pamutu ngati mkazi, nkhalamba ya imvi, akupunthwa m'mizere. Mayi sanawayang'ane. Pofika masana tinali titapulumutsa gawo limodzi mwa magawo atatu.

Madzulo ake agogo anaima pakhomo pathu, osalowa. "Nangozo, chimanga chako sindinachidyetse lero. Ndinachidyetsa tsiku lija ndinalandira chipanda. Ndine ndinakuphunzitsa kusandikhulupirira."

Anasinthanitsa ng'ombe yawo yamkaka ndi chimanga n'kutipatsa, komabe sichinafike. Mwezi wa Febuluwale tinadya gaga ndi nkhwani, ndipo ndinkayenda kupita ku sukulu ya ku Nzama maso akuchita mdima. Mayi sanawayankhule bambo awo kufikira mvula itagwa, ndipo ngakhale pamenepo mawu awo sanabwererenso kukhala ofunda monga kale. Chaka chotsatira minda yonse inali mbee kutatsala mfundo zitatu, ndipo palibe ng'ombe inatemedwa mbali iliyonse ya msewu.

Ndakalamba tsopano, koma mtima sukhazikika. Ndimamva pa wailesi akuluakulu akulengeza kuti mtengo wa feteleza sukwera, kuti ndalama yathu sigwanso, kuti mafuta akubwera sabata yamawa, ndipo ndimaona amalonda a pamsika akumwetulira monga anamwetulira anthu pabwalo paja, kenako n'kubisa katundu. Ndimamva kuti maiko ena atilonjeza, nafenso tawalonjeza, mbali zonse zikuyang'anana m'mbali mwa diso. Ndipo ndimadziwa kuti tsiku limene wolengezayo adzanene zoona, wovulala adzakhala mayi wina wakhama amene anangophunzira bwino zimene anamuphunzitsa. Kufikira lero sindikudziwa ngati agogo ndinawakhululukira chifukwa cha njala ija, kapena ngati panali choti ndiwakhululukire.

Choncho, ana inu, musanalengeze tsiku kapena mtengo, khalani pansi muyese ngati mungaupirire ngakhale wodzagwada pamaso panu atakhala mwana wanu. Ngati simungathe, tsekani pakamwa. Ngati mwanena, musasinthe chifukwa cha wobwera ndi mawu okoma.