Bondo la a Gideoni okhoma zidebe

Pa msika wa Nsaru, wofuna chidebe chosadontha ankapita kwa a Gideoni Nasoni. Iwo anakulira pamenepo mpaka kumera imvi, akukhoma malata atanjuta pansi. Lamulungu ankaimba besi m'kwaya ya mpingo. Bondo lamanzere linayamba ndi kulira akamadzuka, kenako linatupa, mpaka kutchalitchi komwe ankapita pa kabaza.

Mwana wawo Triza, mphunzitsi wa ku Kabudula, anawatengera kuchipatala cha mafupa m'tauni. Dokotala, mayi wosachedwa kuseka, anawauza kuti mafupa akupekesana ndipo pafunika bondo loikirira. Anayala zitsanzo patebulo.

"Chonyezimirachi ndi chitsulo cholemera, sichiperepeseka msanga," anatero dokotala. "Chotuwachi ndi titaniyamu, chopepuka, ndipo fupa limachigwira bwino. Palinso china chonga mbale yadothi, chosalala kwambiri, koma chikagundidwa mwamphamvu chimatha kung'aluka."

A Gideoni anatola chimodzichimodzi, kuchigogoda ndi chikhadabo, n'kutchera khutu. Nkhope yawo inawala ngati akumana ndi abale.

"Nanga dzimbiri?"

"Sizichita dzimbiri, bambo."

"Nanga choyerachi n'chiyani?"

"Pulasitiki. Amakhala pakati kuti zitsulo zisakhudzane."

Apa a Gideoni anabweza dzanja. "Pulasitiki ndi amene anandilanda anthu ogula zidebe. Ndiye alowenso m'mwendo mwanga?"

Dokotala anaseka, n'kuwapatsa kuti amupinde. Anayesa ndi manja onse awiri, osatheka. Dokotala sanawabisire kuti pulasitikiyo amadyeka pang'onopang'ono zaka zikamapita, koma popanda iyeyo bondo silingayende mofewa.

"Chabwino," anatero a Gideoni. "Alowe, koma akhale pakati pa zitsulo, zizimuyang'anira."

Opaleshoni itatha, ululu unali pophunzira kupinda mwendo. Akazi awo, a Rosemary, ankawayendetsa kuzungulira nkhokwe m'mawa uliwonse, akadandaula osawamvera. Kunjuta kunalephereka, choncho anadzikhomera tebulo, ndipo tsopano amagwira ntchito atakhala pampando ngati kalaliki.

Mvula yoyamba itagunda, a Rosemary anathamangira kumsika ndi ambulera, n'kuwakoka dzanja.

"Tiyeni kunyumba, mphezi imakonda zitsulo."

"Kodi zitsulo zonsezi sindinakhale nazo moyo wanga wonse?"

"Zimenezo mumazisiya kumsika. Izi mumagona nazo pafupi ndi ine."

A Gideoni anavundikira zidebe zawo, n'kuyamba kutsatira akazi awo. Pofika pachigayo anali atawapitirira, ndipo a Rosemary anachita kuwakuwira kuti adikire ambulera.