Chingwe Chinali M'manja mwa Yusufu

Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, pagombe lathu kufupi ndi Monkey Bay panalibe wondipusitsa pa malonda. Pakamwa pangapa pankabweretsa ndiwo kunyumba popanda kukoka nawo khoka.

Tsiku lina khoka la Che Mussa linakodwa pamwala pansi pa madzi. Kwathu wokaliwonjola pansi amamangidwa chingwe m'chiuno, mnzake n'kugwira ali m'bwato. Akagwedeza, amukoke msanga. Akuluakulu ankakankhizana. Ine ndinaona msika.

"Ndikupatsa utaka," anatero Che Mussa.

"Utaka ndi wa oima pamchenga, bwana. Olowa pansi amadya chambo."

Anaseka, n'kuvomera. Wogwira chingwe ndinasankha ndekha: Yusufu, msuweni wanga wa ku Makanjira. Mnyamata ameneyu sankaopa chikoti, galu, ngakhale aphunzitsi a ku madarasa. Ine wochenjera ndinkayesa kumeneko ndi kulimba mtima.

Pansi panali pozizira, pachete. Khoka ndinaliwonjola, koma phazi langa linalowa m'maso mwake. Ndinagwedeza chingwe. Ndinagwedezanso. Chingwecho chinangotsika chokha, pang'onopang'ono, n'kudzandigwera pamapewa.

Anandivuula ndi mwana wa Che Mussa, atachita kudula khoka ndi mpeni. Ndikusanza madzi pamchenga, ndinamva zimene zinachitika. Chambo chachikulu chinakodwa pamwamba, pafupi ndi bwato. Yusufu anafuna manja onse awiri.

Amjomba, ndiye kuti amalume anga, anamukwapula Yusufu ndi bango mpaka linasweka. Sanalire, sanathawe. Maso ake anali pa nsomba ija. Atatopa amjomba, iye anadzisasa mchenga, n'kubwera pamene ndinagona.

"Tiwotche kapena tiphike?"

"Iwe, ndikanafa."

"Koma sunafe."

Sankanyoza ayi. Ankangonena, ngati mmene munthu amanenera kuti mphepo ya mwera yayamba. Tinawotcha. Anandipatsa kumutu, ndipo ndinadya. Sindinamve mchere, sindinamve mkwiyo. Kuyambira tsiku limenelo khutu langa lamanzere silimvanso kanthu.

Lero ndimagulitsa nsomba zouma mumsika wa Mangochi, ndipo ndikumvetsa zimene zinandiphonya. Ambirife tikafuna chinthu timachiika pasikelo: uku phindu, uku mantha, manyazi ndi chisoni. Sikelo ya Yusufu ili ndi mbale imodzi. Chikoti sichimuphunzitsa, chifukwa akaona chambo zina zonse zimazimiririka, ngakhale munthu amene ali kumapeto kwa chingwe. Munthu wotere sunenerera naye mtengo. Alibe chimene akuopa kutaya. Ndikaona maso otero pabenchi panga, ndimati katundu watha.

Yusufu ali ndi malole odutsa malire pa Chiponde. Kundende analowako, n'kutuluka ali chimodzimodzi. Akadutsa mumsika amandikuwira, "Msuweni!" ndipo ine ndimatembenuza khutu lakumanja kuti ndimve bwino. Iye amagona tulo tabwino; ine ndili ndi anthu amene angandigwirire chingwe, koma m'madzi sindilowanso. Inu mukuti anapambana ndani?