Mumchira mwa Ndege Yankhondo

Mwana wanga wamkazi anadzanditenga ku Malawi n'kupita nane kutsidya kwa nyanja mayi ake atamwalira. Anati sindingakhale ndekha. Ine sindinapemphe. Ndinafikira ku Lawrence, chakumpoto kwa Indianapolis, ndipo anandipatsa chipinda choyang'ana kumsewu.

Mumsewumo simuyenda anthu, mumadutsa magalimoto okha. Golosale ili kutali, tchalitchi chili kutali, kulikonse n'kofuna galimoto, ndipo ine laisensi ya kuno ndilibe. Mwana wanga ndi namwino, amachoka kusanache bwino. Mwamuna wake amayeza magazi kuchipatala, nayenso amachoka. Ine ndinkatsala ndi wailesi ya kanema yolankhula Chingerezi cha m'mphuno. Kwathu mkamwini amamanga pakhomo pa apongozi ake, nalima munda umene amulozera. Kuno ndine ndimagona m'nyumba ya mkamwini.

Chaka choyamba ndinaterereka pa madzi oundana ndikukataya zinyalala, chiuno n'kuvulala. Kuyambira pamenepo ngakhale zinyalalazo anandilanda.

Sukulu ndinalekera ku pulayimale. Ntchito yanga inali yokhoma mabodi a mabasi ndi malole ku Limbe, mpaka imvi zinadzaza mutu. Mkamwini ankadziwa zimenezi. Loweruka ankagwira ntchito pachipatala china ku South Bend, ulendo wautali ndithu, ndipo kumeneko anadziwana ndi mzungu wina wachikulire amene ankabwera kudzayezetsa magazi. Mzunguyo anali ndi ndege yankhondo m'chishedi chachikulu, pabwalo laling'ono la ndege kunja kwa tauni. Inali ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ija, yokwera munthu mmodzi. Anaigula ili zidutswa zodyekadyeka, ndipo iye ndi madala anzake ankafuna kuti idzaulukenso. Mkamwini anamupempha kuti amulole kumandisiya kumeneko m'mawa, n'kumadzanditenga akaweruka.

Mwana wanga anavomera, koma ndi lamulo.

"Ababa, muzikangokhala pampando n'kumawapatsira masipanala. Ndikangomva kuti mwakwera makwerero kapena mwanyamula chinthu, tikanselatu zonse."

Ndinati ndamva.

Pampando ndinakhalapo Loweruka loyamba lokha. Madalawo anali akuvala ndegeyo malata atsopano chakumchira. Malata a ndege sawotcherera, amawakhoma ndi mariveti, timisomali tofewa topanda nsonga. Ntchitoyi ndi ya anthu awiri. Wakunja amamenya mutu wa riveti ndi hamala ya mpweya. Wamkati amatsamiza chitsulo cholemera kumbuyo kwake kuti riveti iphwanyike bwino n'kugwira. Pamabasi tinkachita chimodzimodzi. Vuto lawo linali lakuti thupi la ndege limanka lichepa chakumchira, ndipo onsewo anali amimba. Aliyense ankalowa mpaka pakati n'kubwerera akupuma ngati wathamanga. Mwini ndegeyo anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pabowo lolowera m'ndegemo. Ndinavula jekete.

Ndinkalowera pakabowo ka pambali, kumbuyo kwa mpando wa woyendetsa, n'kukwawa chafufumimba pathabwa loyala pamwamba pa nthiti za ndegeyo, zitsulo zokhota zimene amakhomerapo malata. Tochi pamphumi, zotseka makutu, manja kutsogolo atagwira chitsulo. Mutu sungadzutse. Kutembenuka kulibe, potuluka umabwerera chambuyo. Munkanunkha penti wobiriwira amene amapaka mkati. Hamala ikayamba, ndege yonse inkalira ngati uli m'kati mwa mgolo umene ana akuumenya ndi miyala.

Chingerezi changa n'chochepa, koma m'menemo sichinkafunika. Ndikagogoda kamodzi, mwini ndege ankamenya. Kawiri, yagwira, tipite ina. Katatu, yapindika, tiiboole tiikenso. Ndi mzungu ameneyo tinkamvana kuposa mmene ndimamvanira ndi anthu a m'nyumba mwanga. Mlungu wonse ndinkakhala pazenera kudikira Loweruka.

Mkamwini ankandipeza nditatuluka kale, nditasamba m'manja. Penti wa m'maondo ankauona. Sanafunsepo. M'galimoto tinkangomvera nyimbo zauzimu za kwathu, poti munthu ndi mpongozi wake sachulutsa nkhani.

Nyengo yozizira itafika pachimake tinali titatsala ndi mizere yomaliza, kunsonga kwenikweni kwa mchira. Loweruka lina ndinalowa mpaka pamene ndinali ndisanafikepo. Thabwa linathera m'mbuyo. Ndinagonera chammbali, ndinadutsitsa phewa panthiti ina, kenako linzake, ndipo tinakhoma nthawi yaitali, ine nditagonera chiuno chovulala chija pachitsulo chozizira. Riveti yomaliza itagwira ndinagogoda kawiri, n'kuyamba kubwerera.

Mwendo unakana. Unali ngati wa munthu wina. Ndinakankha ndi zigongono, ndinasuntha pang'ono, ndiye lamba wa thalauza anakola pamphepete mwa nthiti. Kutsogolo kunalibe malo. Manja anali patsogolo pa mutu, osatheka kuwabweza kuti afike m'chiuno.

Mwini ndege anaika pakamwa pabowo n'kufunsa ngati ndili bwino. Ndinati ndili bwino. Kwathu munthu wamkulu akafunsidwa amayamba wayankha choncho, mavuto amanena pambuyo, wofunsayo akakhala pansi. Mzunguyo sanakhale pansi. Anali atazolowera kuti ndikamaliza ndimayamba ndapuma m'menemo kuti makutu atsitse phokoso. Ndinamva mapazi awo onse akupita kukachipinda kotentha kumene ankamwera khofi, chitseko n'kutsekeka.

Chitsulo chinali m'manja mwanga. Ndikanamenya nacho mwamphamvu akanamva, koma lata latsopano likanatuluka chotupa, ndipo lata la ndege likapindika amalichotsa lonse. Kukuwa ndinakuganizira. Sindinakuwepo chikulire, ndipo sindinafune kuyambira m'dziko la eni, ngati mbuzi yokodwa mumpanda. Ndinadikira kuti mwendo udzuke.

Sunadzuke. Kuzizira kunalowa m'nthiti zanga. Tochi inayamba kufiira. Mpweya wanga unkagunda lata pafupi ndi mphuno n'kubwerera wonyowa. Ndikapuma kwambiri chifuwa chinkakanikizika pansi ndi pamwamba, choncho ndinkapuma pang'onopang'ono ngati wodwala. Ndinawerenga mariveti amene ndinali kuwaona, ndinawawerenganso. Ndinali nditamwa tiyi wambiri m'mawa, ndipo chikhodzodzo cha nkhalamba sichimva zoti dikira. Ndinapirira mpaka pamene ndinalephera. Ndalemba zimenezi kamodzi, sindibwerezanso.

Atabwerako kukhofi anazindikira. Mmodzi analowa, anafika pakati, anakhudza nsapato yanga ndi nsonga za zala, n'kubwerera. Ndinkawamva akukangana kunja. Wina ankati aitane ozimitsa moto adzadule ndegeyo. Mwini ndege ankati aboole mariveti onse amene tinakhoma tsiku limenelo, achotse latalo. Ndinagogoda katatu, katatunso, mpaka anamva kuti ndikukana zonse ziwiri.

Kenako ndinamva Chichewa pabowo.

"Bambo, ndine."

Anali mkamwini, ataweruka.

"Bambo, ndikulowa."

"Zovala zanu za kuchipatala zida."

"Zichapidwa."

Ndinamumva akukwawa, mutu ukugunda nthiti, akupepesa ndege ngati ndi munthu. Anafika pamapazi anga n'kuima. Chikwatireni mwana wanga, chimene tinakhudzanapo chinali chanza chokha, naye atagwira mkono wake ndi dzanja linalo, maso pansi.

"Pepani bambo, ndikugwirani."

"Mwasamba m'manja? Mwakhala mukugwira magazi a anthu tsiku lonse."

Anaseka pang'ono, kuseka kwa mantha. Anatambasula dzanja, anakwera nalo mwendo wanga mpaka m'chiuno, anapeza pamene lamba anakola. Sanathe kumukolola. Anati palibe njira ina, n'kupisa dzanja kumimba kwanga, kumasula lambayo. Pamene anagwirapo panali ponyowa. Dzanja lake linaima kamphindi, kenako linapitiriza.

Anandikoka akakolo, iye akubwerera chambuyo, ine ndikukhukhuluzika panthiti ngati thumba la chimanga. Thalauza linatsikira m'maondo. Tisanafike pabowo anaima, analikweza, anamanga lamba, anavula jekete lake movutikira n'kundifunditsa m'chiuno. Atatero ndi pamene anauza azunguwo kuti andilandire.

Mwini ndege anandipatsa ovolosi yake, yolowa anthu awiri ngati ine. Anandigwira paphewa n'kunena kuti mchira watha, ndipo Loweruka lotsatira tiyamba mkati mwa mapiko, mongopisa mkono.

Pobwerera mkamwini sanayatse nyimbo. Tinadutsa minda yoyera ndi chipale chofewa, yopanda munthu ngakhale mmodzi. Tili pafupi ndi Indianapolis analankhula, maso ali pamsewu.

"Bambo, zachitikazi zatsala kushedi. Kunyumba sakazimva kwa ine. Zovalazi ndichapa ndekha. Loweruka tinyamuka ngati kale."

Ndinkafuna Lowerukalo kuposa chakudya.

Anasunga mawu ake. Kunyumba anati ndatopa ndi ulendo, n'kundigwira mkono pamasitepe mkazi wake atatembenuka. M'mawa mwake ndinapeza mankhwala opaka pansi pa pilo. Thalauza linabwera lochapa, lositidwa, lamba atakulungidwa pamwamba. Patebulo ankandikokera mpando, ankandisunthira ndiwo pafupi, ndipo mkazi wake akafunsa chifukwa chimene ndikutsimphinira, ankayankha iye ine ndisanatsegule pakamwa. Ankati ndi kuzizira.

Munthu wabwino, sindikana. Koma ndikakweza maso ndinkapeza akundiyang'ana mwachifundo, ndipo ndinkadziwa chimene akukumbukira. Chakudya chinasiya kutsika. Ndinaona mmene zidzakhalire: Loweruka lililonse ndizikwera galimoto yake chifukwa iye wasankha kukhala chete, ndipo tsiku limene adzakangane ndi mwana wanga, ine sindidzatha kumukhazika pansi n'kumulangiza. Ndinali kale m'nyumba mwake. Tsopano ndinali m'manja mwake.

Lachisanu tikudya madzulo ndinaika supuni pansi.

"Kushedi kuja sindikhala pampando. Ndimalowa m'ndege. Loweruka lapitali ndinakanirira m'menemo, anachita kundikoka miyendo ndi amuna akowa."

Mwana wanga anayang'ana ine, kenako mwamuna wake.

"Ndiye inu mumadziwa? Mlungu wonse mukundiuza za kuzizira?"

"Asiye," ndinatero. "Wolowa m'ndege ndine."

"Ababa, chiuno chimenecho chikanathyokera m'menemo bwanji? Akanandiimbira foni ndili pa shifiti kuti bambo anu tawapeza m'ndege?" Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Lolemba ndikukubukirani kwa dokotala. Ndipo ku South Bend mwamaliza."

"Ndikudziwa."

Ananyamula mbale zisanathe n'kupita nazo kukhitchini. Madzi anayamba kutuluka pampopi mwamphamvu. Mkamwini anatsala, akupotokola kansalu kopukutira m'manja.

"Bambo, mwaneneranji? Ine sindikananena mpaka kufa."

"N'chifukwa chake."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sindikudziwa ngati anamva. Sindinafotokoze.

Ndegeyo akuti inadzauluka nyengo yotentha itabwera. Ine sindinaione. Loweruka lotsatira Lachisanu limenelo ndinadzuka m'mamawa monga mwa chizolowezi, ndinavala, ndinamanga nsapato, n'kukhala pabedi. Mkamwini anamwa tiyi wake kukhitchini. Podutsa anaima pakhomo la chipinda changa, ndinkaona mthunzi wa mapazi ake pansi pa chitseko.

"Bambo, ndapita."

"Pitani bwino."