Mphasa ya Amayi Kuseri kwa Chigafa

Mphasa ya amayi sinagwe pamsewu ayi. Ndinaitsitsa ndine.

Tinkanyamuka ku Namitete banja lonse, kukagona m'matenti m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Salima mpaka ku Nkhata Bay. Amayi anamangirira mphasa yawo pamwamba pa galimoto. Ine manyazi anandigwira: anthu a m'tauni akationa bwanji? Amayi atalowa m'nyumba kukatenga kolona, ndinaimasula n'kukaibisa kuseri kwa chigafa cha fodya.

Titafika ku Salima ndinatulutsa matilesi anga opopa, ndikudzimva. Munga umodzi wokha, mpweya wonse phwaa!

"Kodi mphasa ija ili kuti?" anafunsa amayi.

"Yagwa panjira," ndinatero, maso ndili kumadzi.

Sanakalipe. Anatiyalira zitenje zawo ine ndi ana, iwo n'kutsala ndi chimodzi chokha. Ulendo wonse ankangoseka, akuviika mapazi m'madzi ngati kamtsikana.

Titabwerera anaipeza mphasa ija, chiswe chitaiyamba kale. Anaikung'untha n'kundiyang'ana.

"Inagwa panjira n'kubwerera yokha kwawo, eti? Mphasa yanzeru."

Mpaka lero sanauzeko munthu. Zikomo amayi, koma ndadziulula ndekha.