Kamtanda pa Dzina la Atate

Dzulo pamaliro anandipatsa kapepala ka ndondomeko ya mwambo. Pambali pa dzina la malemu panali kamtanda kakang'ono, ndipo mtima wanga unapsa ngati kale.

Kalelo ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, kwathu ku Mlangeni. Atate anali kumigodi ku Joni, ndipo panatha zaka zinayi osatumiza kalata. Loweruka lina ine ndi amayi tikusesa m'tchalitchi, ndinapeza buku la mayina a akhristu lili chitsegulire patebulo, likununkha nkhungu. Pa dzina la atate panali kamtanda ka inki yofiira.

Ndinafunsa mlembi wa mpingo tanthauzo lake.

"Kameneka kanabwera ndi amishoni," anatero. "Timaika pa dzina la munthu womwalira."

"Atate amwalira liti? Munawaika m'manda ndinu?"

"Mtchona ndi wakufa n'chimodzimodzi, mwanawe."

Amayi anangoima ndi tsache m'manja, maso ali pansi. Ine ndinanyowetsa chala ndi malovu n'kuyamba kufufuta. Inki inafalikira, pepala linabooka. Mlembiyo anandipotokola khutu mpaka linatentha, koma chala sindinachotse.

"Muyambe mwaona mtembo!" ndinakuwa.