Mlandu Umene Unamulambalala Mondher

Mondher ndinamudziwa tili ana ku Sfax, m'kanjira ka kuseri kwa msika wa nsomba. Bambo ake ankayenga mafuta a maolivi, koma iye dzanja lake linali la penti. Zikwangwani zambiri za mumsewu mwathu analemba ndi iyeyo m'kashopu kake, ngakhale ichi chonena kuti "Khofi kwa Hamadi" chimene chili pakhomo pangapa. Sanali munthu wolankhulalankhula. Akati aseke, ankangogwedeza phewa.

Masiku amenewo anyamata onse anali atapenga ndi gemu ya mpira ya kampani ina ya kutsidya kwa nyanja. Munali matimu a ku Ulaya okhaokha, athu ayi, ndipo zimenezi zinkamudya Mondher. Anagula kompyuta yogwiritsidwapo kale ntchito, naphunzira yekha kutsegula gemuyo n'kulowetsamo zake. Anajambula nkhope za osewera athu mmodzimmodzi, majezi awo, bwalo lathu mpaka mipando yake yothyoka. Zinamutengera zaka.

Mlamu wake Lotfi, mchimwene wa mkazi wake Najet, ankayendetsa takisi, ndipo pakamwa pake sipankatsekeka. Ataona ntchitoyo anati, "Alamu, anthu anuwa ngokongola, koma ali duu ngati inu nomwe. Ndipatseni maikolofoni." Anajambula mawu ake akuulutsa mpira m'kalankhulidwe kathu ka mumsewu, kunyoza goloboyi, kufunsa woyimbira ngati magalasi anaiwala kunyumba. Kenako zonse anaziika pa tsamba lake la pa intaneti.

Anthu anazikopera kuyambira ku Bizerte mpaka ku Gabes. Koma munthu akamva mawu omuseketsa safunsa amene anajambula mphuno. Aliyense ankati "gemu ya Lotfi."

"Bambo Mondher, gemu ya alamu anu ija mwaiona?" makasitomala anga ankamufunsa. Iye ankangotakasa khofi mpaka kuzizira.

Lotfi atayamba kuika zotsatsa malonda pa tsambalo, kampani ija inadzuka. Maloya ake a ku Tunis anatumiza chisamani chonena kuti Lotfi wasintha katundu wa eni popanda chilolezo, akaonekere kukhothi. Najet analira mpaka maso kutupa. Mondher anapempha kuti aone pepalalo, ndipo atawerenga anabwera kwa ine nkhope ili gwa.

"Hamadi, dzina langa mulibemo."

"Ndiye thokozani Mulungu, achimwene."

"Ndithokoze chiyani? Alemba kuti nkhope ndi mabwalo zapangidwa mwaluso loti munthu angayese n'za kampani. Mwaluso! Ndipo akuti wapanga ndi Lotfi. Lotfi woti sangajambule ngakhale dzira!"

Mlanduwo unamukweza Lotfi. A wailesi ankamuitana. Okwera takisi yake ankakana chenji. Akalowa mwanga muno anyamata ankamuombera m'manja ngati mkwati, wina n'kumuitanitsira mbale ya lablabi, msuzi wathu uja wa tchana. Kenako anyamatawo anasonkherana kuti asindikize malaya olembedwa kuti "Msiyeni Lotfi," ndipo wodziwa kujambula nkhope mumsewu monse anali mmodzi yekha. Mondher ntchitoyo anaigwira, poti Najet anali ataima pakhomo akumuyang'ana. Koma mlamu wakeyo anamupatsa makutu ngati zogwirira poto. Anthu anawakonda makutuwo, malaya onse n'kutha tsiku lomwelo.

Tsiku la mlandu tinakwera sitima ya pamtunda limodzi kupita ku Tunis. Mondher anavala suti ya paukwati wake, yothina kale m'mimba. Pakhonde la khothi anakokera pambali loya wa Lotfi, mayi wina wamfupi dzina lake Olfa.

"Mayi, ndikufuna ndilankhule. Zonse zija ndinajambula ndine."

"Ndikudziwa, Bambo Mondher. Alamu anu anandiuza, ndipo anandilumbiritsa kuti dzina lanu lisatuluke. Muli ndi ana ang'onoang'ono. Kakhaleni pansi."

"Ndiye kuti wandibisa?"

"Wakutchinjirizani."

"N'chimodzimodzi!"

Lotfi anamva phokosolo, nabwera thukuta lili kamukamu. "Alamu, mukufuna akulandeni kompyuta ndi shopu yomwe? Ine tulo ndinaiwala, inu mukusilira maliro?"

"Maliro ake ati, oti womwalirayo akumwetulira pa zithunzi?"

"Tengani, ndakupatsani! Lowani mukaime pamalo pangapo!"

Mondher anayambadi kuyenda cha kuchitseko, koma Najet anamugwira mkono, ndipo sanamusiye mpaka woweruza atatuluka. Mlanduwo unatha ndi mgwirizano. Lotfi anafufuta zonse pa tsamba lake, nasaina kuti gemuyo sadzaikhudzanso, ndipo takisi anaigulitsa kuti alipire maloya. Ntchito ya Mondher inatsala m'kompyuta yake yakale ija, yoonera iye yekha. Pobwerera m'sitima anakhala pa zenera, sangweji yake ya nsomba n'kufika nayo ku Sfax yosaluma.

Tinkayesa kuti poti Lotfi wagwa, mtima wa Mondher ukhala pansi. Koma miyezi isanachuluke, wailesi ina ya m'tauni mwathu inamulemba Lotfi ntchito youlutsa mpira weniweni. Mpaka lero Lamlungu lililonse mawu ake amatuluka m'mazenera onse a mumsewu. Mondher amatseka shopu, n'kutenga mbedza kupita kudoko kumene kulibe wailesi. Tsiku lina Lotfi anamuyamikira ali pa wailesipo, ndipo ine ndinathamanga kukamuuza.

"Wati chiyani?"

"Wati mmisiri wamkulu wa Sfax ndi mlamu wake."

"Mlamu wake. Alamu ali nawo angati?" Anaponyanso mbedza m'madzi.

Pano imvi zamuyamba. Akumanga mzinda wathu wakale, khoma ndi khoma, m'gemu ina imene eni ake amalola anthu kusintha mmene angafunire. Ndi ntchito yokongola kuposa yoyamba ija, koma oikopera ndi ochepa, ndipo palibe loya amene anaiyang'anapo.

Pa Idi banja lonse limadyera kwa Mondher, chifukwa Najet salola zina. Lotfi ndi amene amaotcha nyama, akusimba za kukhothi kwa aliyense amene sanamvepo, ndipo nthuli yonona amaika m'mbale ya mlamu wake. Mondher amalandira, amadya yonse, kenako amauza mkazi wake kuti mchere unachepa.