Kudziyanika Ngati Usipa

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndili mu Sitandade 7, pamene ndinadziyanika padzuwa ngati usipa masiku awiri athunthu. Musafulumire kuseka. Amene anandipatsa nzeru imeneyi anali munthu wamkulu wandevu zake, ndipo ine ndinali ndi chifukwa chomumvera. Chifukwacho dzina lake ndi Tadala.

Tadala ndi mwana wa amayi aakulu, akulu awo a mayi anga. Tinabadwa chaka chimodzi, tinakulira m'mudzi umodzi kufupi ndi Senga Bay, ndipo kusukulu tinkakhala desiki imodzi. Kusiyana kwathu kunali kwakuti amayi ake ankachapa zofunda pa loji ina ya alendo, pamene mayi anga ankayanika usipa pa thandala, tebulo lalitali loumitsira nsomba. Choncho Tadala ankanunkhira sopo wotsala kwa alendo, ine ndinkanunkha nsomba. Anthu sankatopa kutifanizira. "Chisomo, taona mnzako." Mawu amenewa ndinawamva kunyumba, kutchalitchi, ngakhale pamjigo, mpaka makutu kuwawa.

Chinthu chimodzi chokha chimene ndinkamuposa chinali liwiro. Tikati tithamange kuchoka pa thandala kukafika pamsewu, ndinkafika, kukhala pansi, iye asanatulukire.

Mwezi wa Okotobala chaka chimenecho aphunzitsi athu a zamasewera, a Mbewe, analengeza kuti Lachisanu lina kudzakhala mpikisano wa masukulu a m'dera lathu pabwalo lathu lomwelo. Atsikana tinkayenera kuzungulira bwalo kasanu ndi katatu. Wopambana adzapita ku boma, ndipo bungwe lina linali litalonjeza kuti lidzamulipirira sekondale, bola akhoze mayeso. Kwathu nkhani ya sekondale sinkakambidwa n'komwe. Mwana wamkazi akafika Sitandade 8, thandala limakhala likumudikira. Malo anali amodzi, ndipo ine ndinawafuna ndi mtima wanga wonse.

Vuto linaonekera pokonzekera. Maulendo asanu oyamba ndinkakhala patsogolo. Ulendo wachisanu ndi chimodzi miyendo inkalemera ngati ndikuyenda mumchenga wakuya, ndiye Tadala ankandidutsa akupuma bwinobwino ngati munthu wopita kumsika. Tsiku ndi tsiku zinali zomwezo.

Ndinayamba kumuzonda. Mtsikanayu ankadzuka limodzi ndi amayi ake dzuwa lisanatuluke, n'kukadziponya m'nyanja madzi akadali ozizira. Ankatero ngakhale mu Juni, mwera ukuwomba, pamene enafe tinkangopukuta kumaso n'kunyenga anthu kuti tasamba. Akatuluka, mano akugundana, ankakhala pamchenga kuwotha kadzuwa ka m'mawa mpaka kuuma. Pofika m'kalasi maso ake anali gwa, ife tikuyasamula. Ndiye panalinso botolo. Linali lachitsulo, labuluu, losiyidwa ndi mlendo wina pa loji paja, ndipo iye ankalipsontha pang'onopang'ono tsiku lonse. Atsikana anzathu ankanong'onezana kuti mulimo mankhwala.

Tsiku lina ndinamufunsa popanda kuzungulira. "Iwe, m'botolomo mumakhala chiyani?"

"Madzi a pamjigo. Eko, imwa."

"Ndimwe kuti unditengere liwiro langa?"

Anaseka. "Liwiro lako ndikalisunge kuti? Amayi amati alendo aja amayenda ndi madzi paliponse ngati khanda, ndiye ine ndinangotengera. Mawa ubwere tikasambe limodzi, uona wekha."

Sindinapite. Ndinaona ngati akundipusitsa. Munthu angaulule chinsinsi chake choncho, mwaulere, kwa amene akulimbana naye?

M'malo mwake ndinapita kwa atsibweni, a Kaliati, alongo awo a mayi anga. Anali asodzi, ndipo akuti anasewerako mpira ali anyamata, nkhani imene sinkatha pakamwa pawo. Ndinawapeza akusoka ukonde pafupi ndi thandala lathu. Nditawafotokozera za miyendo yolemera ija, anaika singano pansi n'kundiyang'ana ngati dokotala.

"Mphwanga, tanyamula beseni ilo."

Linali la usipa wauwisi. Ndinalinyamula movutikira.

"Tsopano nyamula linalo."

Linali la wouma, lodzaza chimodzimodzi. Ndinalikweza ndi dzanja limodzi.

"Lopepuka ndi liti?"

"La wouma."

"Basitu! Chimalemera ndi madzi. Ife nthawi yathu tikamapita ku mpira, madzi ayi. Amangokhutchumuka m'mimba n'kumakubaya m'nthiti. Iwe uume kaye. Ukauma, mwana wa achemwaliyo azingoona fumbi."

Ndinakulira pa thandala. Ndinkadziwa ndi manja anga kuti nsomba youma ndi yopepuka. Panalibe chotsutsa.

Lachitatu ndi Lachinayi sindinamwe madzi, kupatula kapu ya tiyi m'mawa. Ndikaweruka kusukulu ndinkathamangira ku thandala kukatembenuza usipa, dzuwa lili paliwombo, kumutu kopanda kanthu. Amene anakhalapo ku Salima mu Okotobala akudziwa dzuwa limenelo. Mchenga umawotcha mapazi ngati phulusa la moto, ndipo mphepo yochokera kunyanja imafika itafunda kale. Mayi anadabwa. "Lero kwagwanji, waulesi iwe?" Ndinangopitiriza kutembenuza nsomba. Milomo inang'aluka, mutu unkagunda ngati muli ng'oma, mkodzo unasanduka ngati tiyi wopanda mkaka. Zonsezi ine ndinkati ndiye kuti nzeru ikugwira.

Lachisanu m'mawa ndinachita china chimene sindinanyadirepo. Ndinatsatira Tadala kunyanja, ndipo atalowa m'madzi ndinatola botolo lija pamwamba pa zovala zake n'kukalibisa pansi pa bwato lakutha. Ndinati tione lero ngati angathamange popanda mankhwala ake.

Mpikisano umayenera kuyamba 9 koloko. Koma panali mlendo wolemekezeka amene timayenera kumudikira, ndipo mukudziwa mmene alendo olemekezeka amasungira nthawi. Anatindandalika pabwalo kuti tiyeserere nyimbo yomulandirira. Tinaimba, tinakhala pansi, tinaimirira, tinaimbanso. Galimoto yake inafika dzuwa litapendeka kale.

Nthawi yonseyi maso anga anali pa Tadala. Ndinkayembekezera kumuona akulira, akufunsa anthu za botolo. Ayi ndithu. Anangopita pamjigo wa kuseri kwa makalasi, kumwa ndi manja mpaka kukhuta, kunyowetsa chitenje, kuchiika kumutu, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango. Patapita kanthawi anapitanso, kumwanso.

"Chisomo, bwera pamthunzi," anandiitana. "Taona milomo yakoyo."

"Khala wekha ndi mthunzi wakowo."

Wezulo italira, ndinauyatsa. Maulendo anayi oyamba panalibe wondiyandikira. Ndinkamva anthu akukuwa dzina langa, ndipo atsibweni anali m'mphepete mwa bwalo akukupiza chipewa. "Ameneyo ndi wanga! Ndam'phunzitsa ndine!" Ndinamvadi kupepuka, sindinama. Koma kunali kupepuka kwachilendo, ngati mutu wasiyana ndi khosi.

Ulendo wachisanu thukuta linasiya kutuluka. Thupi linachita tsemwe, kuzizidwa pakati pa dzuwa loswa mtengo. Lilime linamatirira m'kamwa. Kenako katumba wa mwendo wamanzere anakokana ngati wina wamukunga ndi chingwe. Ndinamva mapazi kumbuyo kwanga, oyenda mosapupuluma, ndipo ndinawadziwa ndisanacheuke. Tadala anandidutsa pafupi ndi mitengo ya golo, tsitsi lake likadali lonyowa. Ndinayesa kumutsatira. M'maso munada bii, phokoso la anthu linapita kutali, ndipo ndinangomva fumbi lotentha pa tsaya.

Ndinatsitsimuka ndili pansi pa mango uja. Chitenje chonyowa chinali pakhosi panga, ndipo wina ankandikupiza ndi kope. Anali Tadala. Anali atamaliza kale, atapambana, n'kubwerera kudzandinyamula. Madzi ozizira amene ankandithira kumaso ankakoma kuposa chilichonse chimene ndinalawapo, ndipo ndinadana nawo chifukwa ankachokera m'manja mwake.

A Mbewe anasungunula shuga ndi kamchere m'kapu n'kumandimwetsa pang'onopang'ono. Atatsimikiza kuti ndikumva, anafunsa kuti, "Madzi unamwa liti komaliza?"

"Lachiwiri."

"Lachiwiri! Ukudwala?"

"Ndimafuna ndiume, kuti ndipepuke."

"Uume?"

"Ngati usipa."

Pakati pa anthu amene anatizungulira, wina anaphulika n'kuseka. A Mbewe sanaseke. Anafunsa amene anandiuza zimenezo, koma atsibweni anali atakumbukira mwadzidzidzi kuti ukonde ukuwadikira kunyanja.

"Mwana iwe," anatero a Mbewe, "usipa timauyanika utafa. Unauonapo wouma ukusambira?"

Apo ndiye bwalo lonse linagwa ndi phwete. Dzina loti Usipa linandimatirira kuyambira tsiku limenelo, ndipo alipo ena mpaka lero amene dzina langa lenileni salidziwa.

Anthu atabalalika kupita kukaonera mpira, Tadala anawerama n'kundinong'oneza. "Botolo lija ukawabwezere amayi, ndi lawo. Ndinakuona ndili m'madzi." Analankhula ngati akundikumbutsa za homuweki. Akanandimenya mbama, bwenzi ndili ndi poyambira. Koma anangokonza chitenje pakhosi panga n'kupita kukalandira mphoto yake.

Zotsatira zake n'zachidule. Tadala anapita ku boma, anapita ku sekondale, panopa akuphunzira unamwino. Akabwera patchuthi anthu amamupatsa mpando. Ine ndinasiya sukulu mu Sitandade 8 mayeso asanafike. Sindinganame kuti ndi mpikisano wokha umene unandichotsa. Panali ntchito kunyumba, panali kutopa ndi kusekedwa, panalinso mtima wanga umene sumva za munthu. Koma khomo limodzi lokha limene linanditsegukirapo linali la tsiku lija, ndipo silinatsegukenso. Amene amandiuza kuti zinalembedwa choncho ndimawasiyira pomwepo. Sindifuna kutonthozedwa ndi mabodza.

Lero ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo ndili pa thandala lomwe lija. Ndimalowa m'nyanja kusanafunde, ndimamwa madzi ndisanamve ludzu, ndipo dzuwa likakwera ndimamanga nsalu yonyowa kumutu. Ntchito yolemera ndimaithamangitsa m'mawa. Anzanga akamagwa ulesi masana, akudandaula mutu, ine ndimakhala ndikutembenuzabe nsomba. Ndiye kuti zimagwira. Zikanagwiranso nthawi ijayi, pamene zinali ndi phindu.

Chimene ndamvetsa tsopano si nkhani ya madzi yokha. Imeneyo ngakhale mbuzi imaidziwa, n'chifukwa chake masana imakhala pamthunzi. Chimene ndamvetsa n'chakuti Tadala sanandibisire kalikonse. Anandiuza zonse, anandiitana kokasamba, anandiitana pamthunzi. Ine ndinkafuna kuti mphamvu zake zikhale za mankhwala, chinthu chimene sindingachipeze, kuti akandiposa mlandu usakhale wanga. Ndinasankha kumvera munthu amene anandiuza kuti ndizunzike, chifukwa kumvera Tadala kukanatanthauza kuvomera kuti akudziwa china chimene ine sindidziwa. Kuvomera zimenezo kunali kowawa kuposa ludzu la masiku awiri.

Musayembekezere kuti ndinene kuti nsanje inatha. Ilipobe, ndipo imadzuka nthawi iliyonse Tadala akatsika minibasi ndi chikwama chake. Ndinali ndi liwiro loposa lake, ndipo iye amadziwa zimenezo. Tadala sanandilande malo aja. Ndinamupatsa ndekha, ndi manja awiri, ndipo chimenecho ndiye sindinamukhululukirebe.